Mai Rungano Nyoni, Wopanga Kanema

Lero tikambe za Mai Rungano Nyoni, amene anabadwira mu Lusaka m'caka ca 1982, nakulira ku Wales. Poyamba anaphunzira kusewera m'kanema ku London. Koma wosewera amanena mau olembedwa ndi ena. Mai Nyoni anayamba kulemba nkhani zao, natsogolera okha kujambula. Asanapange I Am Not a Witch, anakakhala ku Ghana pamudzi wa akazi onamiziridwa ufiti. Mbali yaikulu anaipatsa Maggie Mulubwa, kamtsikana kamene kanali kasanasewerepo. M'caka ca 2018 kanemayo anawatengera mphotho ya BAFTA. Tsono musapeputse mwana woima kumbuyo kwa khamu. Kapena ndiye adzanenera dziko nkhani yathu.