Kogona kwa wazaumoyo wobwera ku Mangochi kwa miyezi yochepa

Kalata ikafika yoti mukagwire ntchito ku Mangochi kwa miyezi itatu, anzanu a pa wodi amayamba kukusirirani. Ati mwapata, mukukadya chambo, mukukasambira madzulo aliwonse. Olandira makalata otere ndi ambiri: namwino kapena mzamba wokagwirizira malo a mnzake amene wapita kusukulu, dokotala wongomaliza kumene maphunziro, ophunzira a ku KUHeS obwera kudzaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi, a kafukufuku opita ku Lungwena, ngakhalenso alendo a kunja odzathandiza pa kiliniki ya Billy Riordan ku Chembe. Onsewa asananyamuke amafunsa za kogona. Amene amawayankha amawafunira zabwino ndithu, kungoti ambiri mwa iwo Mangochi anaiona pa Khirisimasi, atakhala pamchenga, botolo la fanta lili m'manja.

Malangizo oyamba amakhala akuti pezani nyumba ya m'mbali mwa nyanja, poti mwayi woterewu subwera kawiri. Mtima umavomera, ndipo palibe cholakwa kulakalaka kudzuka mukuona madzi. Koma boma la Mangochi ndi lalikulu, kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni, ndipo zipatala zake zili m'malo osiyanasiyana. Chipatala chachikulu chili pa boma, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Mahotela otchuka aja a ku Nkopola ndi ku Makokola ali pa msewu wa ku Monkey Bay, makilomita opitirira 20 kuchokera pachipatalapo. Monkey Bay yeniyeniyo, kumene kuli chipatala chomwe dziko la Iceland linathandiza kumanga, ili pa makilomita opitirira 60. Mukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri kulowera ku Chiponde mufika ku Namwera, kumene nyanja simuiona n'komwe ndipo mwezi wa June mumafuna juzi. Makanjira ili kutali zedi kumpoto, kudutsa Malindi ndi Lungwena, pa msewu umene nthawi ya dzinja mitsinje imaudula.

Mtunda wochoka panyumba kufika pachipatala uyenera kuyesedwa usiku. Masana pa boma kabaza ali paliponse, wa njinga yakapalasa ndi yamoto yemwe, ndipo malo alionse amaoneka apafupi. Foni ikalira 2 koloko m'bandakucha kuti mayi wina akutaya magazi atachira, akabaza aja amakhala ali mtulo, ambulansi mwina yapita kukatenga wodwala kwina kapena ilibe mafuta. Mphindi zimene inu mukuima pamsewu kudikira chokwera, mayi uja akuzilipira ndi magazi ake. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti wogwira ntchito yoitanidwa usiku asankhe nyumba yoti angathe kuyenda wapansi kufika ku wodi, pa njira yoti munthu wamkazi angadutsepo yekha ndi tochi popanda mantha. Nyanja muziipitira Loweruka, siithawa.

Ena amanyamuka mtima uli m'malo poganiza kuti chipatala chikawapatsa nyumba. Nthawi zina zimatheka, makamaka m'zipatala zina za mishoni zokhala ndi chipinda cha alendo. Koma nyumba za ogwira ntchito n'zochepa pafupifupi paliponse, ndipo zimene zilipo muli kale mabanja a anthu okhazikika. Imbirani foni akuluakulu a chipatalacho musanakwere basi, mufunse mwachindunji ngati chipinda chilipo, muli bedi kapena ayi, ndipo kiyi ali ndi ndani. Koposa apo, funani nambala ya amene anagwirako ntchito yomweyo inu musanabwere. Iyeyo ndiye angakuuzeni kuti kwa mayi akutiakuti madzi amatuluka usiku wokha, kapena kuti nyumba ya kuseri kwa msika munthu sagonamo tulo.

Nkhani ya madzi ndiyo imadabwitsa obwera ambiri. Munthu amaganiza kuti kudera la nyanja yaikulu chonchi madzi sangakhale vuto. Pa boma ndi m'matauni ena muli mipopi ya Southern Region Water Board, koma nyumba kukhala ndi mpopi sindiye kuti madzi amatuluka tsiku lonse, ndipo magetsi akathima mapampu nawonso amaima. M'midzi yambiri anthu amadalira mjigo, chitsime kapena nyanja yeniyeniyo. Mukamaona nyumba, tsegulani mpopiwo nokha. Suzumirani kubafa: mukapeza madiramu awiri ndi ndowa zisanu zili ndandanda, zakuuzani kale zimene mwininyumba sananene. Yang'ananinso kumene kuli chimbudzi ndi kumene kuli chitsime, muone kutalikirana kwake. Kolera amene anayamba mu March 2022 ku Machinga anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Wazaumoyo amadziwa zonsezi akakhala pa wodi. Akafika kunyumba atatopa, ludzu lili pakhosi, n'kosavuta kumwa madzi a mumtsuko osafunsa kumene achokera. Kabotolo ka WaterGuard kapena kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo kazikhala pafupi ndi mtsukowo kuyambira tsiku loyamba.

Palinso chikhulupiriro chakuti likodzo ndi matenda a ana osewera m'zithaphwi ndi m'mabango, ndipo kuti pamchenga woyera, pamene madzi ali mbee mpaka kuona pansi, palibe choopsa. Kale anthu ophunzira omwe ankaganiza choncho. Kenaka ofufuza anapeza kuti ku Chembe kuli mtundu wa nkhono, Bulinus nyassanus, umene umakhala mumchenga wa pansi pa nyanja kopanda mabango, ndipo umafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo. Iwo anaona kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kupha nsomba mopyola muyeso. Mu 2017 m'mphepete mwa nyanja m'boma lomweli munapezekanso nkhono ya mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, yofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana a sukulu atayezedwa matendawo anapezeka nawo.

Izi zikukhudza kogona chifukwa tizilombo ta likodzo timalowera pakhungu, sitidikira kuti munthu amwe madziwo. Malo ena ogona a m'mbali mwa nyanja amapopa madzi m'nyanjamo kukathira m'thanki, kuchoka m'thanki kupita ku shawa. Munthu akhoza kulumbira kuti sanapondemo m'nyanja, pamene wakhala akusamba madzi ake m'mawa uliwonse. Funsani mwaulemu kuti madzi osamba amachokera kuti, ndipo amakhala nthawi yaitali bwanji m'thanki. Tizilomboti sitikhala ndi moyo kupitirira masiku awiri ngati sitinapeze munthu, choncho madzi amene agonera masiku awiri athunthu m'diramu, osathiramo ena atsopano, amakhala abwino kusamba. Kumwa ndi nkhani ina, amafunikabe kuwiritsa kapena kuthira mankhwala. Ndipo ngati mwasambirako, zomwe ambiri amachita ndipo sindingawadzudzule, kumbukirani kuti mankhwala a likodzo a praziquantel amagwira bwino tizilomboti tikakula kukhala nyongolotsi. Kumwa mankhwalawo tsiku lonyamuka sikukwanira, kayezetseni pakapita miyezi iwiri.

Chikhulupiriro chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chija choti mlendo ndi mame, miyezi itatu si kanthu, paliponse munthu angapirire. Amene amanena izi nthawi zambiri ndi anthu odzichepetsa, osafuna kuvutitsa ena, ofuna kusungako kandalama kotumiza kwa makolo. Koma taganizirani namwino amene waweruka 7 koloko m'mawa atachezera usiku wonse ku wodi ya ana, mwezi wa October. Wafika m'kachipinda ka malata otsika, kopanda siling'i, zenera limodzi loyang'ana khoma la mpanda. Pofika 10 koloko malata ayamba kuthetheka, matiresi anyowa ndi thukuta, magetsi athima ndipo fani yaima. Kuseri chigayo chayamba kulira, kutsogolo ana akuonera filimu m'shoo ya vidiyo, sipika ili panja. Amatembenukatembenuka mpaka 3 koloko, n'kudzuka kukasamba, madzulo ali pa wodi kachiwiri akuwerengera mlingo wa mankhwala a mwana wa makilogalamu asanu. Kupirira kwake tikuyamikira, koma mutu wosagona umalakwitsa masamu, ndipo olakwiridwa ndi ana a eni.

Choncho nyumba muione masana dzuwa lili pamutu, muimemo kanthawi chitseko chili chotseka. Siling'i, mazenera awiri oyang'anizana kuti mphepo idutse, mtengo wa mango wochita mthunzi padenga, zimenezi n'zofunika kuposa matailosi ndi penti watsopano. Nyumba ina yakale ya makoma okhuthala imazizira bwino kuposa yamakono yowala. Bwereraninso madzulo mumve phokoso la deralo, muone ngati pali bala pafupi. Mazenera akhale ndi sefa wosang'ambika, ndipo padenga pakhale pomangirira neti. Udzudzu kunyanja ulipo chaka chonse, ndipo wochokera kumalo okwera kumene malungo ndi ochepa, kapena wochokera kunja, amadwala modetsa nkhawa malungowo akamugwira. Neti bwerani nayo yanu.

Wobwera nthawi ya dzinja ayang'anenso m'munsi mwa makoma. Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mmene anthu ambiri anaionerapo, madzi analowa m'nyumba ndi m'maloji ambiri a m'mphepete mwake. Mzere wa matope pakhoma, kapena penti watsopano wolekezera m'mawondo, ukusonyeza pamene madzi anafika. Kufupi ndi Shire ndi Malombe funsaninso anthu za ng'ona ndi mvuu musanazolowere njira yachidule ya m'mbali mwa madzi.

Pa za ndalama anthu amagawikana. Ena amati resitihausi ndi yodula, bola kuchita lendi. Ena amati lendi ndi chintchito, bola resitihausi. Zonse zimatengera kutalika kwa nthawi. Nyumba ya lendi kawirikawiri mumaipeza ili mbee, mugule matiresi, mbaula, mapoto, ndowa ndi makatani, ndipo eni nyumba ambiri amafuna ndalama ya miyezi itatu pakamodzi. Kwa wokhala milungu isanu ndi umodzi zimenezi sizipindula. Resitihausi nayo mtengo wake wa pa usiku si womaliza: mukakumana ndi mwini wake n'kunena kuti mukhala mwezi wathunthu ndipo ndinu a kuchipatala, mtengo umatsika. Mugwirizaniretu za Khirisimasi ndi Pasaka, nthawi imene alendo amadzaza kunyanja ndipo zipinda zimakwera mtengo. Njira yachitatu, imene ambiri amaipeza yabwino, ndi kugawana nyumba ndi mnzanu wa pachipatala pomwepo amene ali ndi chipinda chapadera. Za mayunitsi a ESCOM ndi bilu ya madzi mukambirane poyamba, makamaka ngati mita ndi imodzi pa nyumba zingapo. Ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa dobadoba amene mwangomuona pa Facebook. Muyambe mwalowa m'nyumbamo, kapena mutume munthu wa pachipatala akaione ndi maso.

Pali mantha ena amene anthu sanena mokweza. Wochokera ku Mzimba kapena ku Dedza, wokulira mu mpingo, amadzifunsa ngati angakhale bwino pakhomo pa Ayao achisilamu, poti m'madera ambiri a Mangochi ndiwo ochuluka. Manthawa amatha sabata yoyamba. Mayi mwininyumba amene mumamuopa uja ndi yemwe adzagogode ndi mbale ya mpunga ndi utaka, n'kunena kuti, "Asisita, mwaweruka mochedwa, idyani kaye musanagone." Chofunika ndi ulemu womwe mungaufune kwanu. Funsani za pakhomopo: nyama ya nkhumba ndi mowa musalowe nazo m'khitchini yogawana, mavalidwe a kugombe asiyeni kugombe, ndipo mwezi wa Ramadan dziwani kuti pakhomo padzakhala piringupiringu m'bandakucha. Ngati mzikiti uli pafupi, kuitana kwa mapemphero a m'mamawa mudzakumva, ndipo wogona mochedwa aganizireko zimenezi posankha chipinda, monga angaganizire za belu la tchalitchi. Moni wa Chiyao muphunzireni msanga, adzakuthandizani pakhomo ndi pa wodi pomwe, pamene agogo ena Chichewa amachimva koma ululu wawo amaufotokoza bwino m'chiyankhulo chawo.

Pangano lilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, aliyense asunge lake: ndalama zingati, zalipiridwa liti, za chikole zidzabwezedwa bwanji. Eni nyumba ena amaona ngati kulemberana ndi kusakhulupirirana, koma mukafotokoza kuti a kuntchito amafuna risiti, amavomera mosavuta. M'panganomo muikemo mawu akuti mukhoza kuonjezera mwezi ndi mwezi pa mtengo womwewo, komanso kuti mukhoza kuchoka mutapereka notisi ya mwezi umodzi. Amene mukumugwirizira uja akhoza kuchedwa kubwerera, miyezi itatu n'kukhala isanu, kapena ofesi ikhoza kukutumizani ku Katuli kapena ku Nankumba mwezi wachiwiri usanathe.