Kachipangizo kopanira mphuno posambira

Ena mwa inu mwaonapo alendo ku Metangula kapena ku Cóbuè akusambira m'nyanja atapana mphuno ndi kachipangizo kakang'ono. Ntchito yake ndi kutsekereza madzi kuti asalowe m'mphuno. Musanakavale pukutani mphuno, chifukwa mafuta odzola amakachititsa kupulumuka. Kagwire bwino koma kasapweteke, ndipo muzipumira kukamwa. Mukatuluka m'madzi katsukeni ndi sopo n'kukayanika pamthunzi, poti dzuwa limawononga mphira wake. Osabwerekana ayi.

Koma tamverani ichi: kachipangizoka sikateteza ku likodzo. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowera pakhungu, osati m'mphuno. Mwana akayamba kukodza magazi, pitani naye kuchipatala msanga akalandire mankhwala a praziquantel.