Kamawu ka "If" ku Migodi ya Rustenburg

Kukali mdima, omvera, koma mabasi ayamba kale kutsitsa anthu pazipata za migodi. Tili ku Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, kumene pansi pa nthaka padutsa mwala wa pulatinamu wotchedwa Merensky Reef. Dzinali ndi la Hans Merensky, katswiri wa miyala amene anautulukira mu 1924.

Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba sankavutika ndi Chingelezi. Pansi pa mgodi pankamveka Fanakalo, chilankhulo cha kapitawo: bwera kuno, nyamula, fulumira. Masiku ano zikwangwani, mapangano a ntchito ndi maphunziro a chitetezo zili m'Chingelezi, ndipo amuna a imvi amakhala pa desiki m'makalasi a sukulu ya kwacha imene kuno amati ABET. Mmenemo ndimo amakumana ndi kamawu ka zilembo ziwiri, "if".

Ifetu tili nako kale. Timati "ngati", kapena timangolowetsa "ka" m'kati mwa mneni: denga likang'aluka, tuluka. Mzungu amati "If the roof cracks, get out." Apa palibe chovuta, ndipo ndi pomwe pagona moyo wa munthu. Lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996, pa ndime 23, limalola wantchito kuchoka pamalo akaona kuti pali ngozi yoopsa. Ufulu wonsewo waima pa "ngati" mmodzi.

Msampha uli pa "unless". Tanthauzo lake ndi "pokhapokha". Chikwangwani chikati "Do not enter unless the area is safe", chikutanthauza kuti usalowe pokhapokha pamalopo patakonzedwa, miyala yolendewera itagwetsedwa kale ndi chitsulo. Wongomva "enter" ndi "safe" n'kumwetulira, walowa m'manda ake.

Pa za mawa, Chingelezi chili ndi khalidwe lake. Sichifuna "will" pafupi ndi "if". Amati "If the strike ends, we will go back", sitalaka ikatha tibwerera. Anthu a kuno chiganizo chotere anachidziwa ndi mimba. Mu 2014 bungwe la AMCU linatsogolera sitalaka ku Amplats, Impala ndi Lonmin kuyambira Januwale mpaka Juni, miyezi isanu popanda malipiro.

Tsono pali "if" wa maloto. "If I had money, I would go home." Mneni ali m'nthawi yakale, koma nkhani ndi ya lero lomwe: ndikanakhala ndi ndalama, bwenzi ndikupita kumudzi. Wophunzira amadabwa kuti zakale zikutani pa nkhani ya lero. Yankho n'lakuti Chingelezi chimabwerera m'mbuyo sitepe imodzi pofuna kuonetsa kuti zinthuzo sizili choncho. Mtchona aliyense, kaya wa ku Mangochi kaya wa ku Mzimba, chiganizochi amachinena mumtima mwezi ukamatha, atalipira lendi ya kachipinda ka malata.

Chikabwerera sitepe yachiwiri, tafika pa "ndikadadziwa". "If I had known, I would have stayed." Zinachitika, sizibwezeka. Pano ndiye Chichewa chimaposa: "kada" kuno, "kada" uko, basi, pamene Mzungu amaunjika "had", "would" ndi "have".

Kum'mawa kwa Rustenburg kuli Marikana. Pa 16 Ogasiti 2012, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 pa sitalaka ya ogwira ntchito ku Lonmin amene ankafuna malipiro a R12,500 pamwezi. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi woweruza wopuma Ian Farlam inamva umboni kwa zaka ziwiri, ndipo lipoti lake linatuluka mu Juni 2015. Maloya ankatsutsana m'Chingelezi, otanthauzira n'kumamasulira, amayi amasiye ali chete pamipando. Mafunso olemera kwambiri anali a mtundu wa "ndikadadziwa" uja: akuluakulu a kampani akadapita kukalankhula ndi anthu pa kaphiri pomwe anasonkhana, apolisi akadadikira tsiku lina, kodi magazi akadakhetsedwa?

Lonmin kulibenso, inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019. Kaphiri kaja kalipobe, ndipo chaka ndi chaka pa 16 Ogasiti anthu amasonkhana pomwepo.