Mukamakoka ngolo, galasi la m'mbali ndiye diso lanu

Aliyense amene anaimapo pa Naisi m'mawa kudikira minibasi ya ku Zomba kapena ya ku Liwonde akudziwa mmene msewu wa M3 umadzazira. Akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto ali pikitipikiti, amayi asenza mabeseni a tomato ndi masamba, ana akuthamangira kusukulu, ma Sienta akuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ndiye pamatulukira pikiapu ikukoka ngolo yodzaza matumba a chimanga, malata kapena mipando ya paukwati. Galimoto ija imadutsa bwinobwino, wanjinga n'kuyesa kuti zatha, n'kuyamba kubwerera paphula. Kenaka mpamene ngolo imafika, yotambalala kuposa galimoto, n'kumudutsa pafupi ndi chigongono.

Mukamufunsa dalaivala, akuuzani kuti sanamuone. Ndipo sakunama ayi. Magalasi a m'mbali amene anabwera ndi galimoto yake anapangidwira galimotoyo payokha, osati galimoto ya mchira.

Vuto lili pati?

Tiyambe ndi masamu apafupi. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan, monga Probox ndi Sienta, m'lifupi mwake sizipitirira mamita 1.7. Toyota Hilux imaposa pang'ono. Koma ngolo zimene amisiri owotcherera amapanga, mwiniwake amafuna ikhale yotakata kuti ulendo umodzi ukwanire. Mukawonjezera matayala otulukira kunja ndi katundu wosefukira m'mbali, ngolo imaposa galimoto mbali zonse ziwiri.

Zikatero, galasi la m'kati lija latha ntchito, mumangoona tenti kapena matumba. Mukasuzumira pa galasi la m'mbali, mumaona kutsogolo kwa ngolo yanu yomwe. Msewu wakumbuyo wabisika. Basi ikhoza kukhala ikukulondolani kuchokera pa Chinamwali mpaka pa Songani inu osadziwa, mpaka itakuimbirani huta ili kale pambali panu.

Kuno kwathu timayenda kumanzere ndipo chiwongolero chili kumanja. Choncho mbali yakumanzere ndi imene ili kutali ndi maso a dalaivala, komanso ndi mbali yomweyo kumene kumayenda wapansi ndi wanjinga. Amene amalipira dalaivala akamayendetsa mongoganizira si dalaivalayo, koma munthu wa kumanzereyo.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Pokhota, matayala a ngolo satsata ndendende pamene padutsa matayala a galimoto, amadula kona chamkati. Mukamapatuka pa M3 kulowa msewu wafumbi wopita kumudzi, galimoto imatha kuzemba ngalande kapena benchi ya wogulitsa mandasi, koma ngolo n'kukapondapo. Popanda galasi loonetsa tayala la ngolo, mumangomva kuti gu!

Ena amati, aaa, ine ndimatulutsa mutu pawindo. Achimwene, pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Masekondi awiri mutacheuka, mwadutsa mamita oposa 30 osaona kutsogolo. Ndipo mutu wotulutsa pawindo lakumanja suona za kumanzere.

Magalasi alipo a mitundu ingapo

Woyamba ndi galasi lomangirira pa galasi lakale ndi malamba a labala kapena tozipanira. Ili ndi losavuta: mwamanga m'mawa, mwamasula madzulo, ndipo limalowa pa galimoto zamitundumitundu. Vuto lake ndi kunjenjemera. Pa msewu wa mabampu, chithunzi chimangovina moti simungasiyanitse njinga yamoto ndi mtengo. Lole yaikulu ikakudutsani, mphepo yake imatha kulipotoza. Malamba a labala nawo amauma ndi dzuwa, tsiku lina n'kuduka muli pakati pa ulendo.

Wachiwiri ndi galasi lomata pa galasi lenilenilo ndi kalabala koyamwa. Limasuntha limodzi ndi galasi lagalimoto, koma limaphimba gawo la galasilo, ndipo fumbi ndi kutentha zimalifooketsa. Kwa munthu woyenda misewu yafumbi ya m'munsi mwa phiri la Zomba, ili ndi losadalirika.

Wachitatu ndi galasi lovekera ngati chipewa, lopangidwira mtundu umodzi wa galimoto. Limagwira zolimba ndipo silinjenjemera kwambiri. Koma la Hilux silingalowe pa Ford Ranger, ndipo ngakhale pa Hilux pomwepo zimatengera chaka chimene inapangidwa. Ngati mukuitanitsa kudzera kwa m'bale wa ku Joni kapena pa intaneti, jambulani galasi lanu, tumizani pa WhatsApp limodzi ndi chaka cha galimoto. Kupanda kutero mulandira katundu wongokongoletsa pashelefu.

Wachinayi ndi kuchotseratu magalasi akale n'kuika amikono yotalikitsa, omwe mumawakoka mukamangirira ngolo n'kuwabweza mukamasula. Awa ndiye abwino kwa munthu amene kukoka ngolo ndi bizinesi ya tsiku ndi tsiku. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo ngati magalasi anu ali ndi mawaya a indiketa kapena a batani losunthira, pamafunika wodziwa zamagetsi a galimoto.

Wachisanu ndi wathu wachimalawi: kupita kwa wowotcherera kuti apange mkono wachitsulo n'kumangapo galasi la minibasi kapena la lole. Njirayi imagwira ntchito ngati mkonowo uli ndi pogwira pawiri kapena patatu kuti usagwedere. Koma chitsulo cholimba chosapindika n'choopsa. Magalasi a kufakitale anapangidwa kuti akagunda chinthu azipindika. Mkono wowotcherera ukagunda phewa la munthu supindika, chimene chimathyoka ndi phewalo. Uzani mmisiri aike polumikizira potha kupinda, ndipo asasiye nsonga zakuthwa.

Nanga timagalasi tozungulira tija tomata pakona? N'tothandiza kuona tayala ndi munthu amene ali pambali penipeni, koma sititalikitsa galasi. Ngati ngolo yaphimba msewu, kagalasi kameneka kakuonetsani ngolo yomweyo, ili yaing'ono basi.

Lathyathyathya kapena lotukuka?

Pogula muonetsetsenso nkhope ya galasilo. Lathyathyathya limaonetsa mtunda weniweni koma malo ochepa. Lotukuka pakati limaonetsa malo ambiri, koma zinthu zimaoneka zazing'ono ngati zili kutali. Mukhoza kuyesa kuti basi ili patali pamene yafika kale. Ambiri amene amakoka ngolo amakonda kukhala ndi onse awiri: lina loyezera mtunda, lina loonera m'mbali. Chachikulu n'chakuti mulizolowere musanalowe nalo pamsewu waukulu.

Litalike bwanji?

Ku Britain, kumene anthu ambiri amakoka tinyumba tamatayala popita kutchuthi, muyeso wake ndi womveka bwino. Dalaivala ayenera kuona malo otambalala mamita 4 kuchokera m'mbali mwa ngolo, pa mtunda wa mamita 20 kumbuyo kwake, mbali zonse ziwiri. Galasi lisatuluke kupitirira masentimita 25 kuchokera pamene ngolo yatambalala kwambiri, ndipo mukamasula ngolo, galasi lowonjezeralo lichoke. Limeneli ndi lamulo lakwawo, koma nzeru yake ikugwira ntchito ngakhale pa Naisi. Galasi lalifupi limakubisirani munthu, lotalika mopitirira limamumenya munthuyo.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Imikani galimoto ndi ngolo mowongoka pabwalo, katundu atapakiridwa kale. Khalani pampando mmene mumakhalira poyendetsa. Pa galasi lililonse muyenera kuona mbali yonse ya ngolo mpaka kona yakumbuyo, tayala lake, ndi msewu wakumbuyo. Kenaka mnzanu ayende masitepe pafupifupi 25 kumbuyo, aime kumanzere, kenaka kumanja. Abwerere pang'onopang'ono m'mbali mwa ngolo mpaka pachitseko. Paliponse pamene wasowa m'galasi, dziwani kuti pamenepo pakhoza kubisala mwana wasukulu.

Tizinthu tina toiwalika

Galimoto zambiri za ku Japan zili ndi magalasi opinda okha ndi batani, zina zimapinda mukangokiya. Mukamangirira galasi lowonjezera n'kuiwala, limakagunda windo kapena kuwononga kamota ka m'kati. Zimitsani zimenezo kaye.

Mukayenda makilomita ochepa, imani pamalo abwino, gwedezani magalasi ndi dzanja, mangitsani pamene pamasuka. Nthawi yomweyo onani zingwe za katundu, loko wa ngolo, tcheni chothandizira ndi magetsi akumbuyo. Tenti yomasuka imakupiza ndi mphepo n'kuphimba galasi limene mwavutikira kugula.

Mukaimika galimoto pamsika kapena pamaliro, magalasi omangirira aja masulani, muike m'kati. Chinthu chomasuka mosavuta kwa inu n'chomasukanso mosavuta kwa wina.

Achinyamata ena akuika kakamera kumbuyo kwa ngolo kolumikiza ku foni. N'kothandiza pobwerera m'mbuyo, koma fumbi limakaphimba, batire limatha, ndipo maso ali pafoni sali pamsewu. Kamera ikhale yowonjezera, isalowe m'malo mwa galasi. Pobwerera m'mbuyo, wokuthandizani aime pamene mukumuona m'galasi. Akasowa, pondani buleki.

Za laisensi nazonso musaziphonye. Ku South Africa, laisensi ya Code B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, yolemera kuposa apo imafuna EB. Musanayambe bizinesi ya mahayala, pitani ku nthambi ya boma yoona zapamsewu ya DRTSS mukafunse zimene laisensi yanu ikulola komanso mapepala amene ngolo yanu ikufunika. Safunsa anadya phula.

Kwa inu apanjinga

Inu akabaza, makamaka a njinga zamoto amene mumachotsa magalasi kuti njinga izioneka yatchena, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Galimoto ikakudutsani, musathamangire kubwerera pakati, yambani mwaona ngati ilibe mchira. Musalowe kumanzere kwa galimoto yokoka ngolo pamene ikufuna kukhota. Ndipo gwirani mfundo iyi: ngati inu simukuona nkhope ya dalaivala m'galasi lake, iyenso sakukuonani.

Nyengo yokolola ikafika, ngolo zimachuluka pamsewu wa Zomba ndi Liwonde, aliyense akuthamangitsa chimanga, nandolo ndi mpunga. Mwini galimoto amawerengera mafuta, amawerengera olongeza katundu, koma galasi amaliona ngati chokongoletsa. Musananyamuke pa Naisi, khalani pampando, yang'anani kumanzere, yang'anani kumanja. Ngati kona yakumbuyo ya ngolo simukuiona, ulendowo usayambe.