Mwana, Foni ndi Mbale ya Nsima

Kale kuno kwa Changata chinthu cholankhula m'nyumba chinali wailesi yokha. Wailesi ya kanema ya dziko lathu idayamba m'chaka cha 1999. Lero foni yoonetsa zithunzi ikupezeka ngakhale m'thumba mwa munthu wothyola tiyi, ndipo m'misika muli nyumba za vidiyo.

Mayi akaŵeruka ku esiteti amafika atatopa. Madzi sanatunge, moto sanakoleze, mwana ali kulira. Ndiye amampatsa foni kuti atonthole, ndipo amatontholadi. Mayiyu sitingamdzudzule, pakuti ntchito ya tiyi njoŵaŵa. Koma tiyeni tione chimene chimachitika m'thupi mwa mwanayo.

Mwana amakula ndi maseŵera. Akamakwaŵa, kuthamanga ndi kukwera pachulu, mafupa ndi minofu zimalimba. Akatero amamva njala, nadya bwino, nagona tulo tabwino. Mwana woyang'ana foni amangokhala pamphasa. Maso okha ndiwo ali pa ntchito.

Tsono nkhani yaikulu ili pa chakudya. Mimba imauza munthu kuti ali ndi njala kapena wakhuta. Mwana amene mtima wake uli pa kanema samva zimene mimba yake ikunena. Wina amangotafuna osadziŵa kuti wakhuta. Wina amaiŵala phala lake mpaka lizizire, nkhuku n'kudzadya.

Palinso zakudya za m'mapepala monga jigisi, mabisiketi ndi mafirizi. Zimenezi sizivuta kudya ndi dzanja limodzi uku ukuonera. Zambiri mwa izo zili ndi mchere, shuga kapena mafuta ochuluka, koma zomanga thupi n'zochepa. Nsima ikapsa mwana amakana nandolo, amakana nkhwani. Amayi n'kumati, "Mwanayu sakonda kudya." Chonsecho mimba idadzaza kale ndi zopanda pake.

Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malaŵi, 37 anali opinimbira. Vuto limeneli silidabwere ndi foni ayi. Gwero lake ndi umphaŵi, matenda ndi kusoŵa zakudya za kasinthasintha. Koma pamene chakudya chabwino n'chochepa kale, si bwino kuti mwana achisiye chifukwa cha jigisi. Ana ena amanenepa mopitirira chifukwa chodya zotsekemera atangokhala. Kunenepa kotere si thanzi. Akadzakula kumaŵaika pa ngozi ya matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

M'chaka cha 2019 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, la WHO, lidapereka malangizo pa nkhaniyi. Mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena kanema. Wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo kuchepetsa ndiye bwino koposa. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 4, mwana aseŵere ndi thupi lake maola 3 pa tsiku, pang'onopang'ono, osati nthaŵi imodzi.

Mfundo ina ingakudabwitseni. Bungweli likuti mwana asamangidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi, ngakhale kumbuyo kwa mayi ake pa mbereko. Kwa mayi wa kumunda izi nzovuta, tikudziŵa. Komabe mpata ukapezeka, mtsitseni pamthunzi kuti atambasule miyendo.

Nthaŵi ya chakudya zimitsani foni, yanu yomwe, abambo. Mwana wamng'ono mpatseni mbale yakeyake kuti muone m'mene wadyera. Lankhulani naye akamadya, pakuti mwana amaphunzira mau kwa munthu womuyankha. Ndalama imene mukadagulira jigisi gulirani nthochi kapena peyala. Akakhuta mtulutseni panja kwa anzake a masanje ndi chipako. Ngati akupitirirabe kukana chakudya, pitani naye kusikelo ndipo mukafotokozere alangizi a zaumoyo.