Kompyuta yolumikiza nokha: ntchito yaikulu imagona pa kukonzekera

MUTARE, Zimbabwe – Munthu amene wagula zipangizo za kompyuta chimodzichimodzi n'kuzilumikiza yekha kunyumba kwake ku Greenside, mumzinda uno, amakumana ndi chinthu chimene wogula kompyuta yathunthu m'sitolo sachiona. Akadina batani loyatsira, mafani amazungulira ndipo timagetsi timawala, koma pa sikirini pamangobwera uthenga woti palibe choyambira. Makinawo amakhala ali bwinobwino. Chimene chikusowa ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene pa Chingerezi amati operating system, monga Windows kapena Linux.

Kulowetsa pulogalamuyi sikutenga nthawi: pa makina okhala ndi SSD, theka la ola limakwanira kawirikawiri. Vuto ku Mutare ndi lakuti amene anakonza ndondomekoyi ankaganizira munthu wokhala ndi magetsi osathimathima ndi intaneti yosawerengera. Mu Novembala 2022, madzi atachepa m'damu la Kariba, bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti mbali ya Zimbabwe iimitse kupanga magetsi, ndipo madera ambiri ankatha maola ofika 18 patsiku ali mumdima. Chilala cha mu 2024 chinachepetsanso madziwo. Choncho wanzeru amayamba ndi kufunsa ngati magetsi akhalapo mpaka ntchito ithe.

Magetsi akathima pulogalamu ikulowa, palibe choopsa kwenikweni, mumangoyambiranso. Koma akathima pamene mukusintha BIOS, kapulogalamu kakang'ono kokhala mu motherboard kamene kamadzutsa zipangizo zonse, motherboard ikhoza kuleka kuyaka ndithu. Ntchito imeneyo isachitike popanda UPS kapena mabatire a sola, ndipo ngati palibe chimene chikukukakamizani, ndi bwino kuisiya.

Chachiwiri ndi kusankha. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, motero palibe chifukwa choiyikira m'makina atsopano. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira a 64 GB, ndi chipangizo chachitetezo chotchedwa TPM 2.0. Pa motherboard zambiri chipangizochi chimakhalamo kale, kungoti nthawi zina chimafunika kuyatsa mu BIOS, momwe chimalembedwa kuti PTT pa makina a Intel ndi fTPM pa a AMD. Amene anagula purosesa yakale ya kaunjika achenjere: Microsoft imavomereza ma Intel Core a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndi ma Ryzen kuyambira a m'gulu la 2000.

Njira ina ndi Linux, imene siilipiridwa. Mtundu wake wodziwika kwambiri, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwelo limene ife timati umunthu, anzathu a Chishona n'kumati hunhu. Ubuntu 24.04 imasamaliridwa kwaulere kwa zaka zisanu, ndipo simafunsa za TPM. Kwa wophunzira kapena wolemba makalata ndi yokwanira. Kwa amene ntchito yake imadalira mapulogalamu a Windows okhaokha, kusamuka kumabweretsa mavuto ena.

Kompyuta yopanda kanthu singadzitengere yokha pulogalamu, choncho pamafunika ina yogwira ntchito, ngakhale yobwereka, ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Zonse zimene zili mu fulashiyo zidzafufutika. Fayilo ya Windows 11 imaposa 5 GB, ndipo ya Ubuntu siichepa kwambiri, zomwe si zamasewera kwa wogula bandulo ya pafoni. Komanso kungoikopera mu fulashi sikuthandiza, chifukwa kompyuta singayambire pamenepo. Pamafunika chida chokonzera, monga Media Creation Tool ya Microsoft kapena Rufus.

Pali chiyeso chogula fulashi yokonzakonza kwa munthu wapamsika, ya Windows imene akuti ndi yotsegula kale. Imapulumutsa data, inde, koma palibe amene angakuuzeni zina zimene zawonjezedwamo, ndipo mukuika chinthu chimenecho pansi pa mapasiwedi anu onse a kubanki ndi kuntchito. Windows yeniyeni imalola kulowetsedwa popanda kiyi ya laisensi, n'kudzalipira pambuyo pake.

Chimene ambiri amaiwala ndi madiraiva a netiweki. Windows 11 ikafika pakati imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft, pomwe Wi-Fi ya motherboard yatsopano nthawi zina siidziwika mpaka diraiva yake italowa. Munthu amatsakamira pamenepo: intaneti ikufuna diraiva, diraiva ili pa intaneti. Tengeranitu diraivayo pa tsamba la kampani yopanga motherboard ndi kuisunga mu fulashi. Zikakanika, kulumikiza foni ya Android ndi chingwe cha USB n'kugawira kompyuta data kumathandiza kawirikawiri.

Zotsalazo ndi zapafupi. Lowetsani fulashi, yatsani, ndipo dinani batani lotsegula mndandanda wa zoyambira: F12 pa Gigabyte, F11 pa MSI, F8 pa ASUS. Sankhani dzina la fulashi lokhala ndi mawu akuti UEFI. Sikirini ikakhala yakuda, onetsetsani kuti chingwe chalumikizidwa ku graphics card ngati ilipo, osati ku motherboard. Ndipo makina a RAM ya DDR5 amatha mphindi zingapo ali chete pa kuyatsa koyamba. Pofika posankha disiki m'pamene pamafunika maso. Ngati mwalumikizanso disiki yakale yokhala ndi zithunzi za banja ndi mapepala a sukulu, ichotseni kaye, pakuti kudina kamodzi pa mzere wolakwika kumafufuta zonse. Makina akadzizimitsa n'kuyakanso, solorani fulashi kuti asayambirenso pachiyambi.

Pa nthawi, Windows ili ndi mzere wakuti Harare, Pretoria, umene ndi woyeneranso kwa a ku Blantyre, Chipata ndi Tete. Pa chinenero m'pamene wolemba Chichewa amaona kuperewera. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma kiyibodi wamba ilibe chilembo cha ŵ, chimene ena amalembera Malaŵi ndi maŵa. Mu Word chimapezeka polemba 0175 kenako n'kudina Alt ndi X pamodzi, ndipo pa Ubuntu podina Ctrl, Shift ndi U, n'kulemba nambala yomweyo.