Khutu Limanamiza pa Mayeso a Chingerezi

Ophunzira, makolo ndi a komiti, tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira setifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu, bayoloje ndi zaulimi. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti 6, ndipo Chingerezi chikhale m'gulumo. N'chifukwa chake ife aphunzitsi a Chingerezi tati tikambe za mafunso amene amadya malikisi a ana athu mwakachetechete: aja ofuna kuti mwana azindikire cholakwika m'chiganizo, kapena asankhe choyenera pa A, B, C ndi D.

Tikafunsa wophunzira chifukwa chimene wasankhira yankho lakuti, ambiri amati, "Ndi limene likumveka bwino." Vuto lagona pomwepo. Khutu lathu linaleredwa ndi Chichewa kapena Chiyao, choncho chimene chimamveka bwino nthawi zambiri ndi chiyankhulo chakwathu chovala malaya a Chingerezi.

Taonani nkhani ya ulemu. Kwathu kuno timati "Bambo abwera," ndipo mwana woleredwa bwino sanganene kuti "Bambo wabwera." Mwanayo akalowa m'Chingerezi amalemba "My father have come," mwinanso "My father they are coming." Chingerezi sichipereka ulemu mwa njira imeneyi. Munthu mmodzi ndi mmodzi basi, kaya ndi mfumu kaya ndi khanda: "My father has come." Ulemuwo musausiye kunyumba, koma papepala la MANEB werengani anthu.

Mneni wakuti kubwereka nayenso amatigwetsa. Timati "Ndabwereka cholembera," komanso "Ndibwereke cholembera." Mawu ndi amodzi omwewo, pamene Chingerezi chili ndi awiri: wolandira amachita "borrow," wopereka amachita "lend." Ndiye "Borrow me your pen" n'cholakwika, choyenera ndi "Lend me your pen." Chimodzimodzi "kukambirana za mayeso" kumabala "discuss about the exams," chikhalirecho "discuss" safuna "about." Mawu athu akuti "eti?" amakwana kumapeto kwa chiganizo chilichonse, ndipo ndiwo amabala "You came yesterday, isn't it?" Choyenera ndi "didn't you?" chifukwa kafunso kakumapetoko kamatsata mneni wa chiganizocho.

Komabe musaganize kuti Chichewa ndi mdani. Pa msampha umene olemba mayeso amaukonda kwambiri, Chichewa ndicho chingakupulumutseni. Palibe mwana wa Fomu 1 amene anganene kuti "Thumba la mbatata zagwa." Aliyense amadziwa kuti chagwa ndi thumba, ndiye "lagwa." Koma mwana yemweyo akaona "The bag of potatoes have fallen," amachivomera, chifukwa "potatoes" ali pafupi ndi mneni. Wolemba funso amaika dala dzina lochulukitsa pakati kuti likusokeretseni. Phimbani "of potatoes" ndi chala, patsala "The bag have fallen," ndipo cholakwika chaonekera poyera. Yesaninso pa ichi: "One of the girls are absent." Amene sanabwere ndi angati? Mmodzi. Choncho ndi "is absent."

Njira imene timaphunzitsa m'kalasi ndi yomweyo. Yambani mwapeza mneni, kenako funsani kuti wachita ntchitoyo ndani, ndipo ndi mmodzi kapena ambiri. Mukatero fufuzani mawu osonyeza nthawi monga "yesterday" kapena "since 2020," muone ngati mneni akugwirizana nawo. Onaninso "he" ndi "she," poti "iye" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo m'chimangirizo chimodzi timapeza mayi atasanduka "he" pofika ndime yachiwiri. Mayina ngati "furniture," "luggage," "advice" ndi "information" salandira "s"; amenewa ndi oloweza basi, palibe kuchitira mwina.

Chimene sitikondwera nacho n'chizolowezi choyankha mapepala a mayeso akale ambirimbiri, n'kungoona mayankho kumbuyo. Bola ziganizo 5 patsiku, koma pa chilichonse wophunzira anene chifukwa chake chalakwika. Amene sangathe kufotokoza chifukwa wangolota, ndipo funso lomwelo likabwera litasinthidwa mawu lidzamugwetsa.

Makolo, simufunika kudziwa Chingerezi kuti muthandize. Madzulo muuzeni mwana akuwerengereni chiganizo chimodzi cha m'kope lake, kenako akufotokozereni m'chiyankhulo chapakhomo pamene palakwika. Akamadodoma, mutumizeni kwa ife mawa lake ndi kopelo. A komiti tikuwapempha atithandize mapepala osindikizira ziganizo zoyeserera, kuti aliyense wa Fomu 2 ndi Fomu 4 akhale ndi tsamba lakelake lolembapo ndi kuphimba ndi chala.